Mkamwana Pachulu

Pamudzi pa a Harawa, kuseri kwa Mhuju, netiweki imapezeka malo amodzi okha: pamwamba pa chulu chimene chili kumbuyo kwa chigafa cha fodya. Osati m'mbali mwa chulu, osati pakati pake. Pamwamba penipeni, utaimirira, mkono utaukweza ngati mwana wa sukulu amene wapanikizika ndipo akupempha kutuluka. Ukangowerama kuti ukande mwendo, yapita.

Makampani a mafoni onse awiri amatikonda kwambiri. Anapenta magolosale a pa Mhuju kuchokera uku mpaka uko, ngakhale chimbudzi cha pamsika chinalandira nawo utoto. Nyengo yogulitsa fodya amabwera ndi lole ya zimkuzamawu, atsikana akuvina pamwamba, bambo wina wosasa mawu akukuwa kuti dziko lonse tsopano lili m'manja mwathu. Amagawa masikipa, ife timavala. Koma nsanja zawo anaziyang'anitsa kumsewu waukulu kumene kumadutsa mabwana opita ku Karonga, ndipo ife a kuseri kwa phiri timatola zogwa pansi ngati agalu a paukwati. Aliyense kuno ali ndi masimukhadi awiri. Timawasintha ndi kapini ka thewera, kenako timakwera chulu chomwecho. Pawailesi amati umenewu ndi mpikisano.

Ine ndine Vailet, mwana wa a Mwale a ku Ntchisi. Bambo anga anatumizidwa kuno ngati alangizi a zaulimi ndili ku sekondale. Atapuma ntchito anabwerera kwathu, ine ndinatsala chifukwa cha Fiskani Harawa. Fiskani anandilowola, n'kundisiya ndi pakati, n'kupita ku Joni kukasamalira maluwa a mzungu wina. Mwana wathu Mtende, kamtsikana kamene kayamba kuyenda mogwira makoma, amadziwa bambo ake ngati nkhope ya mufoni imene imauma pakati pa chiganizo, kukamwa kuli yasa.

Mwambo wa kuno ndinauphunzira msanga, chifukwa ndine wamantha. Mkamwana, kutanthauza mkazi wa mwana wawo, akaona apongozi aamuna amapatuka, amagwada, nkhope amayang'ana kumbali. Saimirira iwo ali pafupi. Zoimirira pamalo okwera iwo ali pansi, sindinamvepo kuti alipo anayesa n'kukhalabe pabanja. Ine ndimagwada bwino kuposa obadwira konkuno. Munthu wobwera amaonjeza.

Apongozi anga aamuna, a Bizwick Harawa, anali ahedi a sukulu ya mishoni ndipo ndi mkulu wa mpingo. Mafoni amadana nawo poyera. Tsiku lina paguwa ananena kuti njoka ya masiku ano sikwawa m'munda, imakhala m'thumba la malaya ndipo imafuna kutchajidwa. Amayi a chigwirizano anavomera mokweza, ena akugwira zikwama zawo kuti njokazo zisalire.

Fiskani amaimba Lamlungu masana. Ndi tsiku limene sagwira ntchito, ndipo akatsamira khoma la garaja amaba netiweki ya m'nyumba ya bwana wake. Lamlungu lina ndili pachulu, Mtende ali kumbuyo, Fiskani akundiuza za nsapato zimene waona mushopu, ndinamva chifuwa.

"Ehe-hem!"

Chifuwa chimenecho mudzi wonse ukuchidziwa. Ndi belu limene a Harawa amaliza kuti akamwana achoke m'njira. Mawondo anga sanandifunse. Ndinapezeka ndagwada pamwamba pa chulu, netiweki inathawa, ndipo Fiskani anafera m'manja mwanga ndi nsapato zakezo.

Ndinadikira kuti adutse. Sanadutse. Nkhope ndinayang'ana kumbali monga mwa mwambo, koma diso la mayi wa mwana woyenda limaona ndi kumbuyo komwe. A Harawa anali tsidya lina la chulu, ali ndi nsungwi yaitali. M'thumba la jekete la kutchalitchi anatulutsa foni, yaikulu, yagalasi, yoposa yanga. Anaimanga kunsonga ya nsungwi ndi linya, n'kuikweza m'mwamba, n'kuima chomwecho ngati munthu amene akuwedza nsomba m'mitambo. Foniyo inayamba kulira, ting'i, ting'i, ting'i. Itakhuta anaitsitsa, analowa nayo m'chigafa, ndipo posakhalitsa munamveka phokoso la khamu la azungu akukuwa, ndi thupi la munthu likumenyetsedwa pansi. Pambuyo pake munamveka mawu amene amatitsogolera m'pemphero.

"Mpanenso! Mpanenso, chindere iwe!"

Pamene ndimaimirira, Fiskani anali atachoka kale pakhoma la garaja.

Lamlungu lotsatira zinachitikanso, ndi linalo. Nthawi imene Fiskani amaimba ndi yomweyo imene apongozi aakazi, a NyaMsiska, amakayendera odwala, ndipo a Harawa amakhala omasuka. Chifuwa, mawondo, foni kufa. Fiskani anayamba kufunsa moseka, kenako anasiya kuseka.

"Vai, ndani amatsokomola ukamadula foni?"

"Sindidula. Ndimagwada."

"Umagwadira ndani pachulu?"

Dzina la apongozi silituluka m'kamwa mwa mkamwana. Ndinati, "Akuluakulu." Iye anati akuluakulu ati, a mabhasi kapena a mabutchala. Ndiye ndinamulembera meseji: ndi adada anu. Za nsungwi sindinalembe. Ungayambe bwanji kuuza mwamuna kuti bambo ake amawedza mafilimu a anthu ogwetsana ovala makabudula amkati?

Fiskani anaimbira amayi ake tsiku la msika iwo ali pa Mhuju. Madzulo ake ndikupereka madzi osamba m'manja pakhonde, a NyaMsiska anafunsa amuna awo ine ndili pomwepo.

"Akuti Lamlungu mumapita kuchulu?"

A Harawa anasamba m'manja mosafulumira, chala chimodzichimodzi.

"Ine kuchulu? Kukatani? Ndasanduka ngumbi?"

A NyaMsiska sanandifunse kanthu. Anangondiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi, n'kubwereranso, n'kuima pamimba.

Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kuona zinthu. A NyaMsiska anagula kabulangete kapinki pamsika n'kukayala pabedi pawo. Anayamba kumutenga Mtende masana, kumudyetsa phala ndi supuni yawo, kumuimbira m'Chitumbuka mpaka agone. Ndikamuyamwitsa ankati, "Mwana wamkulu uyu, NyaMwale, ali ndi mano. Bere n'lachiyani?" Kwathu ku Ntchisi banja likatha mayi amanyamula ana ake, amalume amawalandira. Kuno ng'ombe zinapita kwa bambo anga. Mwana ndi wa a Harawa, ndipo chimene chimamugwiriziza kwa mayi ndi bere lokha. Anthu anali atayamba kukonza zomuchotsa kubereko, mwaulemu, ndi kabulangete.

Lachisanu ndinakwera chulu ndipo ndinapeza mawu a Fiskani akundidikira, ojambulidwa, kuti ndisamuyankhe.

"Vailet, Lamlungu likubwerali ndiimba pavidiyo. Uime pachulu, ndione chigafa kumbuyo kwako. Ukadulanso, amama akuperekeza ku Ntchisi. Mtende atsala."

Ndinawamvera kawiri, ngati kachiwiri anena zina.

Loweruka ndinapita pa Mhuju kukatchajitsa foni kwa mlamu wanga Caroline, mlongo wake wa Fiskani. Ali ndi kakontena kogulitsa mayunitsi a makampani onse awiri. Amavala sikipa ya kampani ina, chipewa cha inayo, kuti aliyense wa kumakampaniko wobwera kudzayendera asadandaule.

"Alamu, mwaonda chomene. Ndi chikondi kapena netiweki?"

"Caroline, foni ya adada anagula ndani?"

Anasiya kutafuna chingamu. "Foni iti?"

"Yomangidwa ndi linya pansungwi."

"Yayi, alamu! Inu muli ngati nkhuku. Mutu kumbali, diso pa chimanga." Anayang'ana uku ndi uku, n'kutsitsa mawu. "Anagula okha atagulitsa fodya. Bandulo ya intaneti ndimawaikira ine. Anzawo opuma ntchito ya uphunzitsi ali ndi gulu pa Watsapu. Linayamba ndi nyimbo za Mulungu ndi mauthenga a maliro, ndiye mkulu wina wa ku Bolero anaponyamo filimu ya ogwetsana mwangozi. Palibe anadandaula. Adada akuti amaonera kuti adziwe mmene dziko lavundira."

"Lavunda mpaka pati?"

"Akuti sanafike kumapeto."

Ndinamuuza za mawu a Fiskani. Ndinamupempha kuti amuuze mchimwene wake zoona. Caroline anapukusa mutu mpaka chipewa chinapendekeka.

"Ine? Adada anandipeza panjinga yamoto ya chibwenzi changa Raphael ku Rumphi boma, nditavala thalauzi, nditamugwira m'chiuno. Amama sakudziwa mpaka lero. Iwo akusunga yanga, ine ndikusunga yawo. Banja lathu laima pamenepo, alamu. Bwanji mudzaimbire pano? Netiweki pano ndi yotayira."

"Wanena pachulu. Akufuna aone chigafa."

"Auzeni adada asabwere."

"Ndiwauze ine? Ndiyambire pati? Kuti adada, mawa musakawedze?"

Caroline anaseka mpaka kasitomala amene ankadikira kutumiza ndalama anatembenuka. Kenako anandipatsa foni yanga, yotentha, batire litadzaza.

"Ndiye musagwade."

"Wapenga?"

"Kapena gwadani. Mukapitirize kugwada bwinobwino ku Ntchisi."

Lamlungu kutchalitchi sindinamve ulaliki. Ndinkangoyang'ana jekete la a Harawa kutsogolo, thumba lakumanzere, ngati latupa kapena ayi. Linali losalala. Ndinayamba kupempha kuti mvula igwe, kuti bondo lawo litupe pang'ono chabe, kuti odwala onse a m'mudzi achire a NyaMsiska akhale pakhomo. Palibe chimene chinayankhidwa. Titadya, a NyaMsiska anamanga mpango wawo woyera. Anafuna kumutenga Mtende kuti akaone odwala. Ndinati ali ndi chimfine, n'kumubereka msanga, mfundo ziwiri.

Ndinakwera chulu dzuwa likuswa mtengo. Fiskani anaimba. Anali atatsamira khoma lake lija, atavala chipewa chaubweya, nkhope ngati wapolisi wa pamsewu.

"Tembenuka ndione kumbuyo."

Ndinatembenuka. Anaona chigafa.

"Uli wekha?"

"Ndili ndi Mtende."

"Hm."

Tinayamba kulankhula ngati anthu okumana pamaliro a munthu amene sitikumudziwa. Mvula. Chimanga. Mbuzi ya a Manasseh imene inadya sopo. Khutu langa limodzi linali kwa Fiskani, linalo kunjira ya kuchigafa. Ndinamva chitseko cha nyumba yaikulu. Ndinamva nkhuku zikuthawa. Ndinamva nsungwi ikukwekwereza pansi.

"Ehe-hem!"

"Ameneyo!" Fiskani anachoka pakhoma, nkhope yake inadzaza galasi lonse. "Ameneyo, Vailet! Dula tione!"

Mawondo anga anali atayamba kale ulendo wawo. Ndinawamva akupinda okha, ngati a mbuzi imene yaona madzi. Ndinaluma mlomo. Mtende anagwira khutu langa n'kulikoka, ndipo ndinamva kulemera kwake konse pamsana, kutentha kwake, kamphuno konyowa pakhosi panga. Ndinawongola mwendo umodzi, kenako winawo. Ndinaima. Ine, NyaMwale, mwana wa eni, pamwamba pa chulu, apongozi ali pansi. Thukuta linatsika mpaka m'zidendene.

A Harawa anali tsidya lija, kumene chitsamba chimawabisa. Sanayang'ane m'mwamba. Anali asanaonepo mkamwana amene chifuwa chawo chinalephera kumugwetsa, ndiye akanayang'aniranji?

"Ndani ameneyo?" Fiskani ankakuwa. "Ndionetse!"

Ndinagwiritsitsa foni. Kenako ndinaona maso a Fiskani akusuntha, akuyang'ana china kuseri kwa phewa langa. M'kagalasi kakang'ono kamene ndimadzionera ndekha, kumbuyo kwanga kunkatuluka foni. Inkakwera pang'onopang'ono, ikugwedera, yomangidwa ndi linya, mpaka inafika pafupi ndi mutu wa Mtende. Ting'i. Ting'i, ting'i.

"Vai," Fiskani ananong'ona, "chimenecho n'chiyani?"

Mtende anatambasula dzanja kuti aigwire.

Mkono ndinausiya m'mwamba momwemo kuti netiweki isathawe, ndinangopinda dzanja, foni yanga n'kuyamba kutsata nsungwi. Mfundo yoyamba, yachiwiri, kutsika, kutsika, mpaka kumene nsungwi inathera m'manja awiri. Pamwamba pa manjawo panali tayi, ndipo pamwamba pa tayi panali nkhope ya a Bizwick Harawa, itayang'ana kumwamba tsopano, chipewa chitagwera kumbuyo.

Kunali zii. Ngakhale foni ya pansungwi inaleka kulira.

"Adada?" anatero Fiskani.

A Harawa anayang'ana ine, woimirira. Anayang'ana foni yanga. Anayang'ana nsungwi ngati wina wangowapatsira kuti amugwirire.

"NyaMwale," anatero ndi mawu a paguwa, "tsitsa foniyo ndilankhule naye."

Aka kanali koyamba kuwayankha ndi chiganizo chathunthu chikwatiwire. Mawu anatuluka ang'onoang'ono.

"Ikatsika ifa, adada. Ndipo ikafa, ine mawa ndili pa minibasi, Mtende atsala."

Anayang'ana Mtende kumbuyo kwanga. Kenako anatsitsa nsungwi, anamasula linya, anaika foni m'thumba, ndipo nsungwi yomweyo anaisandutsa ndodo. Anayamba kukwera. Mawondo awo ankalira ngati nkhuni zouma. Pakati pa chulu anapuma, n'kunena mawu ena a Chitumbuka amene sindinawaphunzire. Sindikanawagwira dzanja, ndiye ndinangoyang'ana kumbali n'kumawerama ndi mutu wokha, kuti ulemu usathe wonse. Pamwamba pa chulu chimenecho pamakwana munthu mmodzi ndi theka. Tinaima phewa ndi phewa, apongozi ndi mkamwana, ngati chithunzi cha ukwati.

Ndinawapatsa foni ndi manja awiri.

"Ikwezeni, adada. Kwezaninso. Pomwepo."

"Fiskani," anatero, mkono uli m'mwamba, akupuma ngati ng'ombe ya pangolo. "Mkazi wako wakhala akugwadira ine. Iwe uli kutali uko, ukuthirira maluwa a anthu, n'kumamupatsa maina. Unaphunzira kuti zimenezi? M'nyumba mwanga?"

"Koma adada, munauza amama kuti simu..."

"Za ine ndi amama ako n'za ine ndi amama ako."

"Nanga nsungwiyo?"

"Nsungwi ndi nsungwi. Ukaitchula kwa amama ako, pamaliro anga usadzabwere."

Fiskani anayesa kugwira nkhope. Inamukana. Anaseka mpaka chithunzi chinayamba kuvina, ndinangoona denga la garaja, thambo la ku Joni, chipewa chaubweya. Atabwerera anali akupukuta misozi.

"Vai. Ndiye unkanena zoona."

Zimene ndinafuna kumuyankha sizinali zoti apongozi amve. Ndinazimeza, n'kutulutsa zofunika.

"Nenani pamaso pa adada. Za Mtende."

"Aa, Vai, zimene zija ndinangopsa mtima."

"Nenani."

A Harawa anasuntha foni kuti nkhope yanga ilowe. "Nena, iwe. Mkono wanga watopa."

"Palibe akupita ku Ntchisi," anatero Fiskani. "Mtende ali ndi amake. Pepa, Vai. Pepa chomene."

"Ndamva, ndine mboni," anatero a Harawa. "Amama ako ndiwauza ndekha kuti ndakumbukira. Ndimabwera kuno kudzaona ngati chiswe chikulowera kuchigafa. Iwe ndi NyaMwale mukumbukiranso chimodzimodzi."

"Chiswe, adada," anatero Fiskani.

"Chiswe," ndinavomera.

Ndinatembenuza msana kuti Fiskani aone mwana wake. Mtende anayang'ana bambo akewo, n'kuyesa kunyambita galasi. Fiskani anamuitana maina onse a chibwana amene anawasunga, mpaka tinamva mzungu akuitana chapatali ndipo nkhope inazima.

Tinatsala awiri pamwamba, ndi mwana. A Harawa anandibwezera foni. Anayang'ana pansi kumene anachokera. Pokwera chulu chimaoneka chachifupi. Nsungwi inali itagwera m'chitsamba. Anaponya phazi limodzi, dothi linagumuka, analibweza msanga.

"NyaMwale."

"Adada."

"Yang'ana ku Nyika."

Ndinatembenuka n'kuyang'ana mapiri a Nyika. Anali obiriwira bwino, mitambo itakhala pamwamba pake. Kumbuyo kwanga ndinamva munthu wamkulu akukhala pansi mosamala, kenako thalauzi la suti likukhwekhwereza padothi louma, pang'onopang'ono poyamba, kenako mothamanga kwambiri, kenako chitsamba chinathyoka. Ine sindinaone kanthu. Koma Mtende, amene mwambo sanauphunzire, anapotoza khosi m'mberekomo, anaonerera mpaka pansi, n'kuyamba kuomba m'manja.